Mmene Ndinachotsera Bambo Eino pa Mwala Wonolera

1973

Ana anga, tsiku limene adzalembe mbiri ya anthu ophunzira a fuko lathu, mudzaonetsetse kuti dzina langa lapatsidwa tsamba lakelake. Mwa Amalawi onse amene anawoloka nyanja m'zaka zimenezo, madokotala, anamwino ndi abusa, ine ndekha ndi amene ndingakuuzeni mmene anthu a kumpoto kwa Ulaya ankatchulira mpeni kalekale, cholembera chisanafike kwawo. Nzeru zoterezi sazitola pamsewu ayi. Ine ndinazipeza m'vani yonunkha mafuta a nkhumba, nditalephera koleji.

Inde, ndinalephera. Amayi anu amakonda kuuza alendo kuti bambo anu anasintha maganizo, koma amene anasintha maganizo anali aphunzitsi. Ndinabwera ku Toronto kudzaphunzira zoyeza malo. Chisanu chitafika, mtunda wokha umene ndinauyeza mosamala unali wochoka pabedi kufika pachitofu. Pakutha pa chaka chachiwiri anandilembera kalata yaulemu kwambiri, moti ndinaiwerenga kawiri ndisanazindikire kuti andithamangitsa. Kubwerera ku Ntcheu chimanjamanja, anthu atandiperekeza ku Chileka pa lole yodzaza, akuimba nyimbo, sindikanatha. Ndinayamba kuyenda m'misewu kuwerenga timapepala ta ntchito tomata pamawindo. Kena kanati akufuna mwamuna wodziwa kuyendetsa galimoto komanso wosalongolola. Ndinaona kuti theka la zofunikazo ndinali nalo.

Mwini kapepalako anali Bambo Eino, mkulu wamfupi wa chifuwa chachikulu, wochokera ku Finland. Anafika m'dziko muno ali mnyamata, nadula mitengo m'nkhalango za kumpoto mpaka msana unakana, kenako anagula vani n'kuikamo mwala wonolera kumbuyo. Sanandifunse za sukulu. Anatenga manja anga n'kuwatembenuza ngati munthu wogula mbuzi.

"Zala khumi," anatero. "Ndikufuna tsiku lochoka pano zidzakhalebe khumi. Unkachita chiyani?"

"Ndinali ku koleji, Bambo."

"Aha. Pulofesa."

Dzina limenelo linandimamatira mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Tinkalankhulana m'Chingerezi, iwo chawo chothyokathyoka, ine changa cha ku mishoni. Pano ndikuziika m'chilankhulo chathu, kuti ngati mukufuna kudziwa mmene zinathera, muvutike nacho pang'ono.

Ntchito inali yotere. Lolemba tinkazungulira mabutchala a mumzinda, Lachiwiri makhitchini a mahotela, Lachitatu ku Oakville, kumene tinkayenda pang'onopang'ono tikuimba belu kuti amayi a m'nyumba zikuluzikulu atulutse masizasi ndi mipeni yawo. Masiku otsalawo tinkalowera ku Markham, kumene nthawi imeneyo kunali minda ndi makola, osati maofesi a magalasi amene mukuwadziwa inuwa. Ine ndinkayendetsa ndi kunyamula mabokosi a mipeni. Mwala sindinkaukhudza. Chaka chathunthu ntchito yanga inali kuima pambali, kuona moto ukuthetheka, ndi kumvetsera. Bambo Eino ankati wonola amaona ndi khutu, maso ndi ongoperekeza. Chotenthetsera cha m'vanimo chinafa ine ndisanabwere, ndipo mafuta atakwera mtengo chaka chimenecho tinkazimitsa injini paliponse poima. Ndinkavala masokosi atatu mwendo uliwonse. Ndikamakumbukira lero, ndimadabwa kuti ndinali wokondwa.

1974

Bambo Eino, munthu wosalankhulalankhula, anali ndi nkhani imodzi imene ikawagwira, khofi ankazizira m'kapu. Pansi pa mpando wawo panali chitini chodzaza timakadi. Pa kakadi kalikonse analembapo liwu limodzi lotanthauza mpeni, monga mmene analimvera pakamwa pa munthu wina, ndi dzina la mudzi wa munthuyo. Kwawoko mpeni amati veitsi. Koma m'misasa ya odula mitengo anagona chipinda chimodzi ndi anthu a ku Karelia amene amalitchula mokhuthalitsa lilime, ndi ena a ku Estonia amene amalidula mchira n'kumati väits. Anzawo akamamwa malipiro awo Loweruka, iwo ankafunsa anthu oledzera kuti agogo awo mpeni ankautcha chiyani.

"Pulofesa," anandiuza tsiku lina tikudya masana, "ukaona ana asanu a mphuno yofanana, ukhoza kujambula mphuno ya mayi wawo, ngakhale anamwalira iwe usanabadwe."

Ndinawauza kuti kwathu ntchito imeneyo amaigwira azakhali pamaliro, ndipo salakwitsa. Iwo anati kwawo amaigwira anthu a m'mayunivesite. Amatenga mawu a zilankhulo zapachibale, n'kuwaika pamzere, n'kuona pamene lina linataya chilembo, pamene lina linafewa, mpaka atapeza liwu limene linabala onsewo. Akalipeza amaliika kanyenyezi kutsogolo. Kanyenyeziko n'kuvomera kuti palibe wamoyo amene analimva ndi khutu, ndiponso palibe analilemba. Anapisa m'chitini n'kutulutsa kakadi kakuda ndi zala, kamene anakopera m'buku lobwereka. Panalembedwa kuti *veicci.

Ndinakayang'ana nthawi yaitali, monga ayenera kuchitira Pulofesa. "Bambo, ndiye kuti mwafufuza zaka makumi atatu, agogo aja mwawapeza atavala malaya omwewa a mdzukulu wawo?"

"Omwewo," anayankha mosaseka. "Batani limodzi lokha ndi limene lasintha. Chinthu chopangidwa bwino sachikonzakonza."

Anandiphunzitsanso kuti mawu awo amasintha kumchira. Veitsi ndi mpeni, veitsen ndiye kuti chinthu ndi cha mpeni, veitsellä ndiye kuti wachita ndi mpeni, mpaka michira khumi ndi isanu, ndipo pena liwulo limapindika pakati n'kukhala veistä. Ine ndinati zimenezo n'zachikunja, mawu olongosoka amasintha kumutu: mpeni, mipeni, kampeni, chimpeni. Anandilamula kuimika vani pambali pa msewu. Ananyowetsa pensulo ndi lilime, n'kundiuza kuti ndibwereze pang'onopang'ono. Pansi pake analemba dzina la mudzi wathu, molakwitsa, n'kuponya kakadiko m'chitini pamodzi ndi a ku Karelia. Kufikira lero, pepala lokhalo limene limanditchula ngati katswiri ndi limenelo.

Ankanenanso kuti muzu wa liwu lawolo ndi wakale kuposa pamenepo, ndi wa kudula ndi kusema, ndipo anthu a ku Hungary ali ndi mphukira yake. Tsoka linagwera a Imre, mwini butchala yathu yaikulu ya Lolemba, amene anali wa ku Hungary. Bambo Eino akalowa ankafuula kuti, "Msuweni!"

"Ine msuweni wako?" ankatero a Imre akupukuta manja pa epuloni. "Munthu wodya nsomba zaziwisi zamchere? Tuluka, ukundithamangitsira makasitomala."

"Liwu lanu losema lija ndi mwana wa mlongo wa liwu lathu."

"Ndiye uuze mlongo wakoyo andibwezere mpeni wanga wa mafupa, wakhala nawo sabata ziwiri."

Akatero ankatikulungira soseji, n'kukana kuti tilipire. Chisuweni ndinachisiya ku Ntcheu, ndinadzachipezanso pakati pa azungu awiri okalamba.

1976

Ndinayamba kumva ndisanaone. Kapu yawo inayamba kugogoda sosala akamainyamula. Kenako kulira kwa mwala kunasintha. Mpeni ukamayenda bwino pamwala umalira mawu amodzi osaduka, koma tsopano unkalira modukizadukiza. Pofika nthawi imeneyo anali atandilola kunola masizasi, nkhwangwa ndi zitsulo za makina otchetchera kapinga, koma mipeni ya mabutchala ndi ya ophika inali yawo okha.

Lolemba lina a Imre anandikodola n'kundilowetsa m'chipinda chozizira, pakati pa nkhumba zopachika. Anatseka chitseko n'kuika mpeni pansi pa getsi. Kukamwa kwake kunali kokhotakhota ngati njira ya mbewa.

"Waona? Msuweni wanga watha. Ndimamukonda, koma nyama sadula ndi chikondi. Mahotela awiri amusiya kale, iye akuganiza kuti atseka makhitchini. Ine ndipirira mwezi umodzi. Usamuuze kuti ndanena."

Bambo Eino anali ndi chizolowezi. Akadya masana ankatsamira pampando wa kutsogolo, n'kuphimba nkhope ndi chipewa, n'kugona theka la ola. Tsiku limenelo ndinaimika vani pafupi ndi pamene ankagumula msewu, kuti phokoso la makina libise langa. Chipewa chitangotsika ndinazembera kumbuyo, n'kutsegula bokosi la mipeni imene ananola m'mawa, n'kuyamba kuinolanso umodziumodzi. Ndinachita zimenezi chaka chathunthu. Ndinadziwa malo onse aphokoso kuyambira ku Oakville mpaka ku Markham: njanji, mafakitale, pomanga nyumba. Chakudya changa ndinkadya ndikuyendetsa. Madandaulo anatha, hotela imodzi inabwerera, ndipo Bambo Eino ankalandira mayamiko akugwedeza mutu. Ine ndinkadziona ngati munthu wochenjera kuposa onse mu Ontario.

1977

Amalawi tinali ochepa moti tonse, kuphatikizapo mabanja awiri a ku Zambia, tinkakwana pabalaza limodzi popemphera Lamulungu. Mkulu wathu anali achimwene a Lakisoni a ku Thyolo, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto ku Oshawa. Mwezi wa Malichi anandikokera pakhonde.

"Amwene, ndakulankhulirani kwa folomani. Akuhaya anthu pa layini yopangira magalimoto. Pali yuniyoni, pali ovataimu, pali penshoni. Simungamangoimba belu m'misewu ngati ng'ombe yotsogolera. Mundiimbire foni Lachisanu la sabata yamawa lisanathe, apo ayi malo apita."

Ankanena zoona. Nthawi imeneyo ndinkalemberana makalata ndi amayi anu, ali ku Zomba, ndipo amalume awo anali atafunsa kale kawiri kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji kwenikweni. Koma ndikachoka, Lolemba lotsatira mipeni yokhota ikanabwerera m'mabutchala, ndipo Bambo Eino akanamva za manja awo kuchokera kwa anthu okwiya. Ndikakhala, sindikanapitiriza kuba ntchito masana mpaka kalekale. Ndinaganiza kuti ndikhala ngati iwo avomera kuchoka pamwala. Tsono wina anayenera kuwauza.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinalakwa mwaulemu. Kwathu mwana sayang'ana mkulu m'maso n'kumuuza kuti mwakalamba. Umatuma munthu wolemekezeka, akakunenere mozungulira, kuti mkuluyo apeze pobisa nkhope. Ndinapempha a Lakisoni. Iwo ankafuna ndipite ku Oshawa, koma kulankhula pagulu ankakukonda kuposa kupambana, ndiye anavomera msangamsanga.

Lamulungu masana tinafika kunyumba kwa Bambo Eino, a Lakisoni atavala suti ndi tayi. Mayi Aili, akazi awo a Bambo Eino, anatikhazika m'khitchini n'kutithirira khofi ndi kutidulira buledi wawo wotsekemera. Ine ndinasankha kampando kotsika, n'kuika manja pakati pa mawondo, n'kuyang'ana pansi. A Lakisoni anaimirira. Anathokoza banjalo chifukwa cholera mwana wa eni. Anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo anamasulira mwambiwo m'Chingerezi, mawu ndi mawu, moti Mayi Aili anacheukira chitofu. Anafotokoza za ng'ombe imene yakoka ngolo zaka zambiri, kuti kuimasula goli si kuinyoza. Anafika pa nkhani ya manja a Bambo Eino khofi atazizira kale.

Bambo Eino anamvetsera zonse osaphethira. A Lakisoni atatha, anandifunsa ine. "Munthu uyu ndi loya?"

"Ayi, Bambo."

"Ndi m'busa?"

"Ayi, Bambo."

"Pulofesa, pakamwa pako padwala?"

Ndinaweramitsa mutu kwambiri, poganiza kuti ulemu ukachepa umawonjezera.

"Zaka zinayi takhala mpando umodzi, tamwera fulasiki imodzi. Lero ukundibweretsera mlendo wa tayi kuti adzandiuze za manja anga, m'khitchini mwanga, mkazi wanga akumva. Ndipo sukundiyang'ana n'komwe. Kwathu munthu woyang'ana pansi ndiye kuti waba."

Anatenga chipewa n'kutuluka. Mayi Aili anatikulungira buledi wotsala m'pepala, n'kutitsegulira chitseko. Tili m'galimoto, titafika pa maloboti achiwiri, a Lakisoni anati, "Komabe amwene, sipichi ija ndinaideliva bwino, eti?"

Sabata imeneyo inali yaitali kuposa zaka ziwiri za koleji. Bambo Eino ankabwera pantchito, osandipatsa moni, ndipo masana sankagona. Ankakhala tsonga, chipewa chili pabondo. Mipeni yonse anainola okha, ine n'kukaipereka ndikudziwa mmene inalili. Lachiwiri wophika wina anandiponyera bokosi pamapazi. Lachinayi a Imre anaimba foni kunyumba kwawo, Mayi Aili n'kunama kuti kulibe.

Lachisanu m'mawa ndinaika m'thumba timakobiri tiwiri ta masenti khumi khumi, chifukwa foni za m'misewu zinkafuna tonse tiwiri. Masana ndinaimika vani pa sitolo ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Markham, pafupi ndi kanyumba ka foni. Kunalibe phokoso lililonse, koma madzi a chipale chosungunuka akudontha padenga. Ndinagwira chitseko kuti nditsike ndikauze a Lakisoni kuti ndikubwera. Kenako ndinaganiza kuti popeza ndikuchoka ndithu, palibe chimene nditaye. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana m'maso. Maso awo anali obiriwira ngati madzi a pa dziwe lakuya, ndipo ndinazindikira kuti zaka zinayi zonsezo sindinkadziwa mtundu wake.

"Bambo, manja anu akunjenjemera. Mukuwononga mipeni ya anthu. Chaka chathunthu ndakhala ndikuinolanso inu muli m'tulo. Muchoke pamwala."

Ndinamva ngati ndamenya bambo anga ondibala pamaso pa anthu. Iwo anapumira m'mwamba.

"M'tulo," anatero. "Iwe unamuonapo wonola akugona mwala wake ukulira? Sabata yoyamba unkakanikiza ngati ukupera chimera, ndinkafuna kulira pansi pa chipewa. Pofika Khirisimasi unayamba kumveka ngati munthu. Ndipo malo aphokoso aja, Pulofesa, mutu unkandiwawa."

"Nanga bwanji simunanene?"

Anayang'ana manja awo ali pamawondo, akuvina okha. "Ndi anga. Ndikanawaneneza ndekha? Ndinkadikira iwe. Iwe, osati wa tayi."

Anamasula lamba n'kusolola kampeni kamene kankakhala m'chiuno mwawo, m'chimake chachikopa. Chigwiriro chake chinali cha makungwa a mtengo wa kwawo, chakuda ndi thukuta la anthu awiri, chifukwa amene anakasula anali bambo awo. Anakaloza kwa ine, chigwiriro kutsogolo.

"Mwala ndi wako kuyambira lero. Ine ndiziimba belu ndi kukangana ndi msuweni wanga. Uwu ndi wa munthu wokhala pamwala."

M'vani mulibe malo ogwada, koma ndinayesetsa. Ndinawomba m'manja katatu n'kutambasula manja onse awiri. Iwo sanausiye. Anatambasula dzanja linalo, chikhatho m'mwamba.

"Ndalama."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. "Bambo?"

"Ndalama, Pulofesa. Lipira."

"Bambo, kwathu mphatso ya mkulu salipira. Kumeneko n'kutukwana. Ndiye kuti ndikunena kuti simuli kanthu kwa ine."

"Kwathu mpeni sapatsana ulere. Umadula ubale. Ukaugula, ngakhale ndi kakobiri kamodzi, ulibenso mlandu ndi ife. Sabata ino ndatsala pang'ono kukutaya chifukwa cha mwambo wa kwanu. Sindikutaya chifukwa cha wa kwathu. Pisa m'thumba."

Ndinapisa. Munali timakobiri tiwiri tija basi. Ndinayang'ana kanyumba ka foni, ndinayang'ana dzanja lija likunjenjemera m'malere. Ndikanatha kulowa m'sitolo n'kusinthitsa ndalama yapepala, musaganize kuti sindinadziwe zimenezo. Ndinatenga kamodzi n'kukaika pachikhatho pawo. Kanayamba kudumphadumpha kufuna kugwa, ndiye ndinapinda zala zawo ndi manja anga onse awiri, n'kuzigwira mpaka zitadekha.

A Lakisoni anadikira foni mpaka madzulo, ndipo anandinyanyala miyezi itatu. Anapuma ntchito ndi penshoni yonona ndi nyumba ya magalaja awiri, mwaionapo. Ine ndinanola mipeni ya mzinda uno zaka makumi atatu ndi chimodzi. Bambo Eino anaimba belu zaka zinayi, ndipo masana ankagona tulo tenitenidi, mkonono wake womveka mwala ukulira.

Tsono anthu akadzakufunsani kuti maphunziro apamwamba a bambo anu anadya ndalama zingati, musadzakokomeze ngati amayi anu. Anadya masenti khumi. Khumi otsalawo ndinagulira machesi.